Kafe ya zakudya za ku Malaysia ku Senga Bay, anthu angadye?

NaPhiri_wa_Senga:
Moni nonse m'gulu muno, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kamalo kuno ku Senga Bay pafupi ndi msewu wotsikira kunyanja, ndimagulitsapo tchipisi ndi nkhuku koma pano aliyense ali ndi chiwaya nde phindu likuchepa. Achimwene anga anaphunzira ku Kuala Lumpur ndipo amatiphikira nasi lemak, mpunga wophika mu mkaka wa kokonati, pambali tinsomba touma tokazinga, mtedza, dzira lowiritsa, nkhaka ndi tsabola wophika uja amati sambal. Ine poona mbaleyo ndinangoti aaa izi si za kwathu zomwezi? Nde ndikufuna kafe yoti munthu atha kulowa ndi masilipasi mchenga uli kumapazi koma chakudya chikhale chophikidwa mwaluso. Kodi usipa ungalowe m'malo mwa tinsomba tawo tija? Kokonati ndizimutenga kuti? Nanga anthu adzadya kapena azingofunsa nsima?

Che_Saidi_KK:
Achemwali, mpunga wa nazi (kokonati) musauone ngati wachilendo kunyanja kuno. Ife ku Nkhotakota kuphika kwa chiSwahili kunabwera kalekale ndi a Jumbe m'zaka za m'ma 1800, agogo athu amadziwa kukuna nazi ndi kufinya. Vuto ndi loti mitengo yake ndi yochepa, simungadalire kuti tsiku lililonse mupeza wokhwima, nde ambiri amangogula wam'chitini ku Lilongwe ndipo ndi wodula. Mukapeza weniweni finyani kawiri, madzi achiwiri opepukawo ndi amene muphikire mpunga, oyamba okhuthala aja muthire mpunga ukuuma, moto uli wochepa, makala ena pamwamba pa chivundikiro. Mpunga musavutike, wa ku Lifuwu muli nawo pakhomo, kuno tili ndi wa ku Bua, ndipo kilombero ndi wonunkhira kale. Langa lina ndi ili, nyama ikhale halaal ndipo mulembe pakhomo. Salima ndi Nkhotakota Asilamu tilipo ambiri, ku Malaysia komweko ambiri ndi Asilamu, nde simukusintha kanthu pa chakudyacho.

Mai_a_Tadala:
Ine ndinakhalako ku Penang, ku Malaysia komweko, bambo akunyumba ali pa sukulu, nde apa mundilole ndilankhule zambiri kkkk. Usipa utheka koma osati uliwonse. Tinsomba tawo, ikan bilis, ndi ta m'nyanja ya mchere, tating'ono, tikakazingidwa timachita khrrr mkamwa ngati tchipisi touma. Usipa wathu waukulu umawawa kumimba, nde sankhani waung'ono wouma bwino wa pathandala osati wanyowa, chotsani mitu ndi matumbo, tsukani mchenga, muuyanikenso kaye kenako mukazinge mu mafuta ambiri mpaka ufiire. Ndi ntchito yotopetsa, pezani mwana woti azikhala ndi lichero m'mawa. Bonya amafanana nato kukula kwake koma samalani mchenga, kasitomala akaluma mchenga kamodzi sabweranso.

Koma chimene chidzakugulitsireni kapena kukuthawitsirani anthu ndi sambal. Anthu amaganiza kuti ndi tsabola basi, ayi, ndi ndiwo payokha. Amatenga tsabola wouma wamkulu wosawawa kwambiri, kumunyika m'madzi otentha, kuchotsa njere, kusinja ndi anyezi ndi adyo ndi belacan, ndiye kukazinga pamoto wochepa mpaka mafuta atuluke pamwamba ofiira, apa musafulumire ayi, ikapsa mothamanga imanunkha tsabola wamuwisi ndipo imapweteka m'mimba. Pomaliza shuga pang'ono, mchere ndi madzi a bwemba. Bwemba ku Salima ndi wongotola eti. Mukaika kambuzi yekhayekha mwapha anthu, kambuzi akhale wongokometsera fungo. Belacan ndi phala lowola la tinkhanu tija amati shrimp ta m'nyanja ya mchere, kuno kulibe, ine ndimasinja usipa wokazinga pang'ono nkuthiramo, sizifanana ndendende koma zimakoma. Masamba a pandan onunkhiritsa mpunga nawonso ndi ovuta, ikani jinja ndi udzu wa mandimu uja timathira mu tiyi.

Musayambe ndi zambiri. Nasi lemak, roti canai ndi teh tarik zakwana, zitatu zomwezi ndi zimene zinatchuka pomwe UNESCO inalemba kadzutsa wa ku Malaysia pa mndandanda wa chikhalidwe mu 2024. Roti canai inabwera ndi amwenye a kumeneko, ili ngati chapati koma ufa wake amaugoneka m'mafuta usiku, kuutambasula mpaka uonekere mkati, kupinda nkuwotcha, amadyera mphodza ya dhal, kuno nandolo wosenda achita. Teh tarik ndi tiyi wamphamvu wa mkaka wa kondensi, amamutsanula kuchoka kapu ina kupita ina dzanja lili m'mwamba mpaka achite thovu, muzichitira poonekera anthu azijambula. Laksa, msuzi uja wa ma noodles, isiyeni kaye, ya ku Penang ndi yowawasa ya nsomba ndi bwemba, imafuna zinthu zambiri zomwe simuzipeza pa Kamuzu Road ku Salima.

Bro_Mavuto265:
Sisi ine ndikhala wotsutsa, musandide. Senga Bay imadzadza Loweruka ndi Lamlungu anthu a ku Lilongwe akabwera, nanga Lachiwiri mugulitsa ndani? Munthu wa kabaza kapena wa ku geni ya nsomba masana akufuna akhute, mukamupatsa kampunga kokongoletsa ndi theka la dzira akufunsani kuti ndiwo zili kuti. Komanso a ku tauni omwewo akabwera kunyanja mtima uli pa chambo chowotcha basi. Ndiye kutentha kwa mu Okutobala kuno mukukudziwa, mpunga wa kokonati suchedwa kusasa, magetsi akathima furiji yafa, mwataya mpamba. Ndipo nthawi ya mwera kapena mwezi ukawala asodzi sapha usipa wambiri, mtengo umakwera, muzigula wambiri ukatchipa. Chiwaya chija musachotse, ndi chimene chizilipira lendi.

Mai_a_Tadala:
A Mavuto za kukhuta mwanena zoona koma ku Malaysia nasi lemak si ya mabwana ayi, amaikulunga m'tsamba la nthochi nkugulitsa m'mbali mwa msewu m'mawa, ogula ndi anthu opita ku ntchito. Nde achemwali angachite ziwiri, kampukutu ka m'tsamba kotchipa kwa anthu a pano, ndi mbale yaikulu ya nkhuku yokazinga kapena chambo chopaka sambal kwa alendo a pa wikendi. Mpunga aziphika pang'onopang'ono ukatha aphike wina.

NaPhiri_wa_Senga:
Zikomo nonse, a Mavuto chiwaya chikhala musadandaule kkk. Ndiyamba Loweruka lokha ndione. Che Saidi ngati mukudziwa wogulitsa nazi wokhwima kumeneko mundiuze ku inbox, atha kumatumiza pa minibasi ya Salima. Mai a Tadala, sambal ija ikhoza kukhala masiku angati popanda furiji?