Ndatembenuza dictionary mu Python, mamembala ambiri asowa

Mlembi wa kopaletivi, Kasungu:
Moni nonse. Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ndi mtedza, ndipo chaka chino ndinayamba kusunga kaundula wa mamembala pa kompyuta pogwiritsa ntchito Python, popeza kope lomwe tinkalembamo linali litayamba kuthothoka masamba. Ndili ndi dictionary (mosungira zinthu ziwiriziwiri, key ndi value yake), yomwe anzathu a Java amaitcha HashMap, momwe key ndi nambala ya membala, pamene value ndi dera lomwe membalayo amachokera: Chamama, Santhe, Chulu kapena Mtunthama. Galimoto yodzanyamula matumba imayenda dera ndi dera, choncho ndinafuna kuti dera likhale key, nambala ikhale value, ndipo ndinalemba motere:

`otembenuka = {dera: nambala for nambala, dera in mamembala.items()}`

Pulogalamu sinadandaule chilichonse, koma mwa mamembala 146 omwe ndinalembetsa, atsalamo asanu okha. Kodi enawo apita kuti, nanga ndingawabwezeretse bwanji? Kaundulayu ndi amene timalipirira anthu, moti sindikufuna kuti wina adzasowe dzina pa tsiku logawa ndalama.

Mphunzitsi wa kompyuta, Mchinji:
Achimwene, musade nkhawa, mamembala anu adakalipo onse mu dictionary yoyamba ija, chifukwa mzere mwalembawu umapanga yatsopano osakhudza yakale. Vuto lagona pa lamulo loti mu hash map, key imodzi singapezekemo kawiri, pomwe value ikhoza kubwerezedwa kambirimbiri. Nambala za mamembala ndi zosiyana zonse, n'chifukwa chake zinakwanira kukhala ma key, koma madera ndi ochepa ndipo anthu ambiri akuchokera ku dera limodzi. Python ikafika pa membala woyamba wa ku Santhe imamulemba pansi pa Santhe, ikafika pa wachiwiri imafufuta woyambayo n'kulembapo watsopanoyo, mpaka kumapeto, ndipo imachita zimenezi mwakachetechete popeza kwa iyo kulemba pa key yomwe ilipo kale si cholakwa. Amene watsala pa dera lililonse ndi amene munamulembetsa pomaliza, chifukwa kuyambira Python 3.7 dictionary imasunga ndondomeko yomwe zinthu zinalowera.

Chomwe mukufuna kwenikweni si kusinthanitsa chabe, koma kusonkhanitsa, kuti dera lililonse likhale ndi mndandanda wake:

```
from collections import defaultdict

pa_dera = defaultdict(list)
for nambala, dera in mamembala.items():
    pa_dera[dera].append(nambala)
```

Mukatero, werengani kutalika kwa mindandanda yonse n'kuphatikiza, ndipo ngati zonse zili bwino mupeza 146. Ine ndimalangiza ana asukulu anga kuti asamadumphe kuwerenga kumeneku, chifukwa cholakwika chomwe sichionetsa uthenga pa sikirini ndi chomwe chimakhalitsa osadziwika.

Wolemba mapulogalamu, Nkhamenya:
Zomwe anena aphunzitsi ndi zoona, koma pali china chomwe ndaona m'funso lanu, bambo mlembi. Mwatchula madera anayi, koma mwati atsala anthu asanu, kutanthauza kuti pali dera lina lomwe linalembedwa m'njira ziwiri. Kwa kompyuta, "Chulu" ndi "chulu" ndi mawu awiri osiyana, chimodzimodzinso "Santhe" wokhala ndi mpata kumapeto kwake, womwe maso sangauone. Musanasonkhanitse, yeretsani dzinalo polemba `dera.strip().lower()`, apo ayi galimoto idzasiya matumba a anthu ena pamsewu.

Chenjezo lina ndi ili. Mukadzafuna kutembenuzanso `pa_dera` ndi mzere wanu woyamba uja, Python idzakana ndi uthenga woti `TypeError: unhashable type: 'list'`. Key imayenera kukhala chinthu chosasinthika, monga nambala, mawu kapena tuple (mndandanda womwe sungasinthidwe) ya zinthu zosasinthika, popeza malo ake mu hash map amawerengedwa kuchokera pa chinthucho, ndipo chikanati chizisintha pambuyo poikidwa, sichikanapezekanso pamalo pomwe chinasungidwa.

Mayi wa Java, Kasungu boma:
Kwa amene angafike pano akugwiritsa ntchito Java, HashMap imachitanso chimodzimodzi: `put` ikapeza key yomwe ilipo kale, imachotsa value yakale n'kuikapo yatsopano. Kuyambira Java 8 mukhoza kusonkhanitsa ndi `computeIfAbsent`. Koma ngati mukudziwa kuti mbali zonse ziwiri siziyenera kubwerezedwa, monga nambala ya membala ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika, `BiMap` ya mu Guava, laibulale ya Java, ndi yabwino kwambiri, chifukwa imakana value yobwerezedwa nthawi yomweyo ndipo `inverse` imakupatsani mbali inayo popanda kulemba kachiwiri. Mu Python, yerekezani `len(set(mamembala.values()))` ndi `len(mamembala)` musanatembenuze, ndipo zikasiyana mudziwe kuti ena atayika.

Mlembi wa kopaletivi, Kasungu:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, achimwene a ku Nkhamenya ndi inu mayi. Ndagwiritsa ntchito `defaultdict` ndipo onse 146 apezeka. Dera lachisanu lija linali Mtunthama, yemwe ndinamulemba "Mtuntama" pa mamembala atatu, moti `strip` ndi `lower` sizinathandize pamenepo, ndakonza ndi manja. Tsopano ndalemba mayina anayi ovomerezekawo mu set (gulu la zinthu zosabwerezedwa), kuti pulogalamu izikana dera lililonse lomwe mulibemo ndisanamalize n'komwe kulembetsa membala.