Foni ya kasitomala yachonga koma ndalama sizinalowe: zokambirana za eni mashopu a mu Lilongwe

Mayi a Chisomo (golosale, Area 3): Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru inu amene muli ndi makina a POS atsopanowa, olipirira ndi khadi, aja ali ndi timizere tinayi topindika pamwamba. Dzulo potseka, lipoti la makina laperewera K86,500 poyerekeza ndi buku la patilu. Mtsikana wanga wa patilu akuti kunabwera bambo wina wa ku Johannesburg, anatenga khofi wa ku Mzuzu, tiyi wa ku Thyolo, mtedza wa makadamiya ndi tsabola wa kambuzi. M'malo motulutsa khadi anangogunditsa foni pamakina. Foniyo inalira, inachonga, anamuonetsa mtsikanayo, n'kunyamula katundu ulendo. Lisiti la makina silinatuluke. Kodi ndaberedwa, kapena ndalama zidakali m'njira?

A Mbewe (hadiweya, Malangalanga): Pepani mayi. Ine n'chifukwa chake makinawo amakhala m'dilowa. Wofuna simenti abwere ndi ndalama ndiwerenge, apo ayi atumize pa Airtel Money kaya Mpamba ndione meseji ndi maso angawa.

ANachisale (famase, Area 47): A Mbewe, meseji mukuidalirayo si imene anthu akulira nayo tauni muno? Mameseji abodza aja amabwera ndendende ngati enieni. Tiyeni tiwathandize kaye mayiwa.

Yamikani (wokonza mafoni, Area 2): Mayi, ndifunse kaye. Foniyo inali iPhone? Ndipo mtsikanayo anayang'ana galasi la makina anu, kapena la foni ya bamboyo lokha?

Mayi a Chisomo: Akuti inali iPhone, anadina kabatani kammbali kawiri n'kuyiyang'ana kumaso. Pamakina athu akuti panali kanthu kozungulira, kenako iye anatembenukira kwa kasitomala wina.

Yamikani: Ndiye nkhani ili pomwepo. Kuchonga kwa foni kuja sikutanthauza kuti banki yavomera. Kumangotanthauza kuti foni yapereka uthenga wa khadi kumakina anu, basi, ntchito yake yathera pomwepo. Kuchokera apo makina anu ndi amene ayenera kuimba kubanki yanu, banki yanu ifunse kudzera kwa Visa kapena Mastercard mpaka kubanki ya bamboyo ku South Africa, yankho libwerere njira yomweyo. Zili ngati kupereka katundu kwa kondakitala wa basi ya ku Mzuzu padepoti: walandira inde, koma sizikutanthauza kuti katunduyo wafika. Kanthu kozungulira kaja ndiye kuti makina anali akufufuzabe netiweki. Foni ya kasitomala imatha kuchonga ngakhale ilibe bandulo, chifukwa iyo imalankhula ndi makina okha, pamtunda wa masentimita anayi kapena kucheperapo. Amene amafunika netiweki ndi inuyo.

Mayi a Chisomo: Ndiye kuti bamboyo sanandibere dala?

Yamikani: Mwina ayi. Kwawoko anazolowera kuti akagunditsa, yankho limabwera asanabweze n'komwe foni m'thumba. Apple Pay, njira yolipirira ndi iPhone imeneyi, inayamba ku America mu 2014, ku South Africa inafika mu 2021, ndiye anthu akumeneko salinda lisiti. N'kutheka kuti mpaka pano akuganiza kuti analipira.

A Gondwe (lesitilanti, Area 10): Mwanayu wanena zoona. Ine ndisanatsegule kuno ndinagwirako kubanki, ndiye ndiwonjezere za mbali ya mapepala. Mayi, musanaimbe kulikonse, tengani makinawo mulowe pamene pali kusindikizanso lisiti. Makina ambiri amasunga zimene zachitika, zolephera zomwe. Mufufuze nthawi imene bamboyo anabwera. Mukapeza lisiti lolembedwa APPROVED komanso lili ndi nambala ya chilolezo chochokera kubanki, ndalama zanu zilipo, zingochedwa kuonekera. Mukapeza DECLINED, kapena mawu oti kulumikizana kunaduka, kapena osapeza kanthu, ndalamazo sizidzafika kwa inu ngakhale mudikire mpaka Khrisimasi. Poimba kubanki mukhale ndi nambala ya makina anu, tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa ndalama. Mukangoti "kunabwera munthu dzulo", akusungani pafoni mpaka mayunitsi athe.

A Mbewe: Mwaona? Zonsezi chifukwa cha khofi.

ANachisale: Inetu vuto langa ndi losemphana ndi la mayiwa. Kwathu mayi wina wogwira kumabungwe anagunditsa foni, makina anazungulira n'kulemba kuti zalephera. Tinayambiranso, zinatheka. Atafika pagalimoto anabwerera nkhope ili gwa, akundionetsa pafoni kuti adulidwa kawiri, akufuna ndimubwezere ndalama pamanja pompo. Mzere wa anthu ofuna mankhwala uli mpaka pakhomo, aliyense akundiyang'ana ngati ndine wakuba.

A Gondwe: Munabweza?

ANachisale: Ayi, ndinakana, koma tinasiyana moipa.

A Gondwe: Munachita bwino achemwali. Zimachitika chonchi: ulendo woyamba banki yake inavomera n'kugwira ndalamazo, koma yankho linafera panjira lisanafike pamakina anu. Makina akaona kuti yankho silinabwere amatumiza uthenga woti zija zifafanizidwe, ndipo banki yake imamasula ndalamazo, nthawi zina tsiku lomwelo, nthawi zina patapita masiku. Inu kwanu zimalowa kamodzi. Mukanamupatsa ndalama pamanja, iye akanalandira kawiri, inu n'kutsala ndi dzenje m'buku. Chomupatsa munthu wotero ndi lisiti la kulephera lija, akaonetse kubanki kwake. N'chifukwa chake kwathu lisiti lolephera sititaya. Pali kansomali pakhoma pafupi ndi tilu, ovomerezeka timabaya kwawo, olephera kwawo, madzulo tikatseka makina timafananitsa ndi lipoti la tsikulo tisanapite kunyumba. Ndipo ngati kubweza kuli koyenera, mubwezere kudzera pamakina omwewo, kukhadi yomweyo.

Yamikani: Pobwezapo pali msampha wina, ndiuneneretu. Munthu akalipira ndi foni, manambala anayi otsiriza amene amatuluka palisiti safanana ndi amene ali pakhadi yake yapulasitiki. Foni situmiza nambala yeniyeni ya khadi, imatumiza nambala ina yoimirira imene inapangidwira foni imeneyo yokha. Ndiye kasitomala akabwera ndi khadi, inu n'kuyerekeza ndi lisiti, muona ngati ndi munthu wina, mkangano n'kuyamba. Muuzeni atsegule Wallet, pulogalamu yosungira makhadi pafoni yake, alowe pazambiri za khadiyo, manambala anayi a foniyo ali pamenepo. Pa Google Wallet n'chimodzimodzi.

ANachisale: Iii, zimenezi ndikanazidziwira kuti? Amene anabweretsa makina anangotionetsa poyatsira ndi poika pepala.

Bambo a Tadala (butchala, Kawale): Ndifunseko ine wa kumakomboni. Makasitomala anga ndi a Tecno ndi itel. Zogunditsazi zikundikhudza?

Yamikani: Amalume, mafoni ambiri otsika mtengo alibe kachipangizo ka NFC kamene kamachita zimenezi, ndipo ngakhale foni ikhale nako, banki ya mwiniwake iyenera kulola kuti khadi yake ilowe m'foni. Amene ine ndimawaona akugunditsa foni muno ndi alendo ndi anthu amene ali ndi makhadi a mabanki akunja, n'chifukwa chake mukumva madandaulo kuchokera ku Area 3, Area 10 ndi Area 47, osati ku Kawale. Koma makhadi ogunditsa ali m'matumba mwa anthu ambiri tsopano, ndipo makina salekanitsa, foni amaiona ngati khadi basi. Ndiye vuto la mayiwa likhoza kukupezani ndi khadi wamba.

Bambo a Tadala: Ine changa ndi *211# ndi *444#. Koma ndimauza anyamata anga kuti nyama isachoke pasikelo asanaone meseji pafoni ya shopu, osati ya kasitomala. Akakayikira, aone balansi.

A Gondwe: Lamulo lake ndi lomwelo bambo a Tadala. Kaya ndi Mpamba, kaya Airtel Money, kaya Mo626, kaya foni yogunditsa, umboni ndi umene wafika kumbali yako. Galasi la foni ya kasitomala si buku lako. A Mbewe, inunso makinawo atulutseni m'dilowa. A Reserve Bank anakhazikitsa malamulo mu 2019 oti mabizinesi azikhala ndi njira yolandirira ndalama yosakhala ya pamanja. Komanso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya malata a nyumba imodzi imadzaza chikwama ngakhale ikhale ya ma K5,000 okhaokha. Mukufuna munthu aziyenda nacho chikwamacho pa Malangalanga madzulo?

A Mbewe: Njira ndili nayo, nambala ya tilu ili pakhoma. Chimene chimandiwawa pamakina ndi kaperesenti kamene banki imadula. Phindu la pathumba la simenti mukulidziwa inu.

A Gondwe: Pamenepo sindikutsutsani. Kambiranani nawo, wogulitsa zambiri amamvedwa.

Mayi a Chisomo: Ndabwerako. Ndasindikiza monga munanenera a Gondwe. Lisiti latuluka, nthawi yake 16:42, ndalama yomweyo, koma pansi palembedwa kuti kulumikizana kunalephera, nambala ya chilolezo palibe. Kubanki atsimikiza kuti sizinalowe. Ndiye zapita. Tsopano amuna anga akuti tidule pamalipiro a mtsikanayo pang'onopang'ono.

A Mbewe: Adulidwe, aphunzire. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anaopa kumuimitsa bwana chifukwa cha chingerezi, ndiye manyaziwo awalipire.

ANachisale: Ayi a Mbewe, pamenepo ndakana. Ife eni ake tonse pano sitimadziwa kuti kuchonga kuja n'kopanda ntchito mpaka Yamikani watiuza lero. Mwana wa eni akanadziwa bwanji? Ndalama imeneyo kwa iye ndi lendi, ufa ndi thiransipoti ya mwezi.

A Gondwe: Komanso lamulo la ntchito la 2000 silimulola bwana kumangodula malipiro a munthu mmene wafunira. Akakadandaula ku ofesi ya zantchito, mudzataya nthawi yoposa ndalamayo. Chimene ndingachite ine ndi kukhala naye pansi n'kumupatsa mawu oti azinena, chifukwa vuto la ana athu patilu si umbuli, ndi kusowa poyambira kumuimitsa munthu wamkulu amene wanyamula kale katundu. Kwathu ndinawauza kuti azigwira jumbo ndi dzanja limodzi mpaka pepala lituluke, akumwetulira, n'kunena kuti "tidikire lisiti pang'ono, bwana". Palibe amene anakwiyapo. Munthu amakwiya ukamuthamangira kugalimoto, osati ukamuimitsa katundu adakali pakauntala.

Mayi a Chisomo: Ndamva, sindimudula. Ndiwauza bambo akunyumba kuti akuluakulu akana. Koma n'chifukwa chiyani makinawa amazungulira chonchi? Akale aja sankachedwa motere.

Yamikani: Ali pati m'shopumo?

Mayi a Chisomo: Pakona, kuseri kwa filiji ya zakumwa, pamene pali soketi.

Yamikani: Mayi, mwawatsekera m'phanga. M'kati mwa makinawo muli simu khadi ngati ya foni. Khoma la konkire mbali iyi, filiji yachitsulo mbali inayo, denga la malata pamwamba, netiweki ilowera kuti? Chajani usiku, masana akhale pakauntala chakukhomo. Yang'anani timizere ta netiweki pakona ya galasi musanalembe ndalama, tikakhala kamodzi kapena palibe, yendani nawo pakhomo. Funsaninso kubanki ngati makina anuwo amalola simu yachiwiri ya kampani ina kapena wayifayi, ena amalola. Magetsi akazima dera lonse netiweki imafookanso, ndiye nthawi imeneyo muzichenjera kwambiri. China, muuzeni mtsikanayo kuti ayambe walemba ndalama pamakina, atembenuzire galasi kwa kasitomala aone, kenako agunditse. Ambiri amagunditsa makina asanakonzeke n'kumati afa. Pa iPhone mbali yogunditsa ndi kumutu kwa foni, pa Android nthawi zambiri ndi kumsana chapakati, ndipo kava yokhuthala kapena yokhala ndi chitsulo imatchinga. Agwire phee kwa kamphindi, osati kumenya ngati akupha udzudzu.

ANachisale: Nanga pini? Ena makina amawafunsa, ena ayi. Atsikana anga amaganiza kuti ikapanda kufunsa ndiye kuti pali chinyengo.

Yamikani: Pafoni munthu amakhala watsimikizira kale ndi nkhope kapena chala chake, ndiye kawirikawiri makina safunsanso. Akafunsa, alembe ya khadi yake, palibe cholakwika. Chachikulu musamutengere foni m'manja kuti mugunditse nokha.

A Gondwe: Ndipo malisiti a makinawa amafufutika msanga, makamaka akakhala padzuwa kapena pafupi ndi moto. Lililonse la ndalama zambiri muzilijambula ndi foni tsiku lomwelo. Musasokonezenso lisiti la POS ndi la MRA, kasitomala amayenera kulandira onse awiri ngati munalembetsa VAT.

Mayi a Chisomo: Zikomo nonse. Makina ndawasuntha kale, timizere tadzaza. Mtsikanayo wakumbukira kuti bamboyo anabwera ndi dalaivala wa galimoto zahayala amene amagula mayunitsi kuno kawirikawiri. Akabwera ndimupempha apereke uthenga ndi chithunzi cha lisitilo, mwina mwiniwake sanakwere ndege.

Yamikani: Mumuuze ayang'ane mu Wallet yake kapena kubanki kwake, aona yekha kuti sizinadutse. Loweruka ndili ndi ntchito ku Area 3, ndidzadutsa ndione ngati makinawo ali ndi malo a simu yachiwiri. ANachisale, anu ndi a mtundu wanji? Tumizani chithunzi cha kumsana kwake.