Kodi ku Germany amalipira bwanji chisamaliro cha okalamba pakhomo?

Mlendo22

Moni nonse. Ndamva kuti ku Germany munthu akafooka ndi ukalamba amalandira ndalama zoti azisamalidwa pakhomo pake, ngakhale womusamalirayo ali mwana wake. Kodi ndalamazi zimachokera kuti, ndipo munthu amatani kuti ayambe kulandira? Nanga amene amaona ngati agogowo akusamalidwadi ndani?

Kalembera

Mwamva zoona. Ndalamazi zimachokera ku inshuwalansi yotchedwa Pflegeversicherung, yomwe inayamba mu 1995, ndipo lamulo limakakamiza aliyense kukhala nayo. Mu 2025 ankadula 3.6 peresenti ya malipiro, wantchito ndi bwana wake n'kugawana. Wopanda mwana amawonjezerapo 0.6 peresenti payekha.

Choyamba ndi kupempha ku Pflegekasse, nthambi ya bungwe lomwelo limene munthuyo ali nalo inshuwalansi ya zaumoyo. Musazengereze, chifukwa ndalama amayamba kuwerenga mwezi umene mwapempha, osati pamene vuto linayamba. Kenako woyeza wa ku Medizinischer Dienst, bungwe la madokotala ndi anamwino loyezera inshuwalansiyi anthu, amabwera kunyumba. Iye sadalira dzina la matenda ayi, amaona zimene munthuyo akutha kuchita yekha. Kudzisamalira, monga kusamba, kuvala, kudya ndi kupita kuchimbudzi, kumatenga 40 peresenti ya mamaki. Kutsata mankhwala ndi malangizo achipatala 20, nzeru ndi khalidwe 15, kuyendetsa tsiku ndi kucheza ndi anthu 15, kuyenda 10. Kuyambira mu 2017 magiredi osonyeza kukula kwa chisamaliro chimene munthu akufunika alipo asanu: yoyamba imayambira pa mamaki 12.5 mwa 100, yachiwiri 27, yachitatu 47.5, yachinayi 70, yachisanu 90.

Namwino_wapakhomo

Ndiwonjezere pa za kuyezazi, poti ambiri amaluza pomwepa. Tsiku lobwera woyezayo agogo amadzilimbitsa. Amavala bwino, amaseka, ndipo akafunsidwa ngati amasamba okha amati inde, chifukwa cha manyazi. Odwala matenda oiwalaiwala ndiye amayankha mwaulemu ndi molimba mtima zinthu zimene anasiya kuchita kalekale. Mapeto ake giredi imatuluka yotsika.

Choncho wosamalira azikhalapo pa tsikulo, ndipo kwa sabata imodzi kapena ziwiri m'mbuyomo alembe zonse m'kope: usiku amadzuka kangati, ndani amawadulira chakudya m'mbale, kodi amatha kumanga mabatani a malaya, mankhwala amakumbukira okha kapena ayi. Kukumbutsa ndi kuyang'anira nakonso ndi thandizo, kulembedwe. Makalata achipatala ndi mndandanda wa mankhwala zikhale patebulo. Musawasambitse ndi kuwakonza mopitirira masiku onse, woyezayo aone mmene zinthu zimakhaliradi.

Yankho liyenera kubwera pasanathe masiku 25 ogwira ntchito. A Pflegekasse akachedwa mwa iwo okha amakulipirani 70 euro pa sabata iliyonse yochedwayo. Ngati giredi simukugwirizana nayo, muli ndi mwezi umodzi wodandaula mwa kalata. Werengani lipoti la woyezayo mzere ndi mzere, muloze penipeni pamene analemba kuti agogo amatha okha pomwe satha.

Kalembera

Za ndalama tsopano. Mu 2025 wosamalidwa ndi achibale ankalandira pamwezi 347 euro pa giredi yachiwiri, 599 yachitatu, 800 yachinayi, 990 yachisanu. Giredi yoyamba ilibe ndalama yapamanja yotereyi. Mukasankha kampani yovomerezeka yotumiza osamalira kunyumba, malire ake ndi okwera, 796 mpaka 2,299 euro, koma zimapita kukampaniko. Mutha kusakaniza: mukagwiritsa 60 peresenti ya gawo la kampani, mumalandira 40 peresenti ya ndalama yapamanja. Ndalamayo imalowa kwa wosamalidwayo, iye ndiye amapatsa mwana wake.

Pa kuyang'anira, olandira ndalama yapamanja amayenera kulandira mlangizi kunyumba, pa giredi yachiwiri ndi yachitatu kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi. Mukamadumpha maulendowa ndalama amaichepetsa, mwinanso kuiimitsa. Makampani nawo amawayendera n'kufufuza ntchito yawo ndi mabilu awo.

Dzuwa

A Mlendo22, musatenge ngati inshuwalansiyi imalipira zonse. Anaikonza dala kuti izithandiza mbali chabe, zotsala banja limalipira lokha, ndipo likalephera m'pamene ofesi yothandiza ovutika imalowererapo. Ndalama ya 347 euro siingalowe m'malo mwa malipiro a munthu amene wasiya ntchito kuti asamalire mayi ake, ndipo ambiri amene amasiya ntchito ndi amayi. N'chifukwa chake Japan poyambitsa inshuwalansi yake mu 2000 inasankha kupereka chisamaliro chenichenicho, osati ndalama kwa achibale.

Chimene wosamalira asachiiwale ndi penshoni. Ngati akusamalira munthu wa giredi yachiwiri kupita m'mwamba kwa maola osachepera 10 pa sabata, pa masiku awiri kapena kuposa, ndipo ntchito yake yolipidwa siipitirira maola 30, Pflegekasse imamulipirira ndalama za penshoni. Koma dzina lake liyenera kulembedwa ngati wosamalira, choncho alitchule pa tsiku loyeza lomwelo.