Kodi sukulu za Katolika zinawaphunzitsa bwanji ana ali kunyumba pa nthawi ya Covid-19?

Mayi wa m'komiti ya makolo

Ndili m'komiti ya makolo pasukulu ina ya sekondale ya atsikana yogonera komweko, imene amayendetsa asisitere, ndipo tapemphedwa kuti tilembe ndondomeko ya zoyenera kuchita ngati sukulu zingadzatsekedwenso mwadzidzidzi. Nkhaniyi yabuka chifukwa kutseka kwa pa 23 Malichi 2020 sikunali komaliza. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anatseketsanso sukulu m'chigawo cha kummwera. Mwana wanga anali folomu 3 mu 2020, ndipo miyezi yonse ija anaithera ku chigayo ndi kudimba, makope ali m'chikwama. Ndikupempha aphunzitsi ndi makolo anzanga a m'sukulu za Mpingo kuti atifotokozere zimene zinathandizadi ana, osati zimene zinangomveka bwino pamsonkhano.

Mphunzitsi wa masamu

Zikomo mayi pofunsa. Ine ndimaphunzitsa pasukulu ya mishoni yothandizidwa ndi boma, ndipo chimene tinathamangira poyamba ndi magulu a WhatsApp, kalasi iliyonse gulu lake. Sabata ziwiri zoyambirira zinkaoneka ngati zikuyenda, koma posakhalitsa ndinazindikira kuti amene amayankha ndi ana omwewo, a m'tauni, ndipo ena mwa iwo ankayankha cha m'ma 9 koloko usiku chifukwa foni inali ya bambo awo amene ankachoka nayo m'mawa. Mwana wa kumudzi amene kwawo kuli kafoni ka mabatani sanaone ngakhale tsamba limodzi la zimene ndinkajambula.

Boma linayesetsa mbali yake. Unduna wa Zamaphunziro unaika manotsi a sekondale pa intaneti, ndipo maphunziro a ku pulayimale ankaulutsidwa pa wailesi ya MBC. Koma vuto lalikulu silinali kusowa kwa manotsi. Mwana amafunika munthu womuchongera ntchito ndi kumuonetsa pamene wasokoneza, ndipo masamu sangalowe ndi khutu lokha. A folomu 4 atabwerera pa 7 Sepitembala, ndinapeza kuti ena amene ankati akuwerenga tsiku ndi tsiku anali ataloweza njira yolakwika kwa miyezi isanu, moti kuwachotsa pamenepo kunali kovuta kuposa kuyamba ndi amene sanawerenge n'komwe. Kenaka mayeso a MSCE anathetsedwa mu Novembala chifukwa choti anabedwa, ana n'kukalembanso mu Januwale 2021, mliri utavutanso.

Katekisiti wa kumudzi

Aphunzitsi anena zoona, koma ndikufuna kuonjezerapo chinthu chimene sukulu za Mpingo zili nacho ndipo kawirikawiri sizichiona. Parishi iliyonse ili ndi matchalitchi ake ang'onoang'ono, ndipo pansi pa tchalitchi lililonse pali miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana opempherera pamodzi, imene atsogoleri ake amadziwa khomo lililonse ndi mwana aliyense. Kwathu kuno, ahedi a sukulu ya pulayimale ya pamishoni anagwirizana ndi bambo mfumu kuti mafunso a ana a sitandade 8 azisindikizidwa ku ofesi ya parishi. Ine ndinkawanyamula pa njinga, nditawakulunga m'jumbo poopa fumbi, n'kukawasiya kwa apampando a miphakati. Pakatha sabata ziwiri ndinkatenga mayankho, aphunzitsi n'kuchonga, ndipo ulendo wotsatira ndinkabweza mapepalawo ali ndi inki yofiira.

Sindidzaiwala mtsikana wina amene ankandidikirira pamsewu, pansi pa mtengo wa mango, n'kutsegula pepala lake pomwepo ndisanatsike n'komwe pa njinga kuti aone zimene wakhoza. Agogo ake anandiuza kuti amalemba usiku akuunikira tochi, atatha kutsuka mbale.

Maulendo amenewa anathandizanso pa nkhani ina yowawa. Tonse tikudziwa kuti m'miyezi imene ija atsikana ambiri m'dziko muno anatenga mimba ndipo ena anakwatiwa. Pepala likabwerera losalemba kawiri kotsatizana, amayi a mumphakati ankapita kukacheza pakhomopo, ndipo pena ankapeza kuti ankhoswe ayamba kale kukambirana.

Bambo wa ku Lilongwe

Njira imene afotokoza akatekisitiyi ndi yabwino, koma mayi amene afunsawa akunena za sukulu yogonera komweko, ndipo pamenepo zinthu n'zosiyana. Sukulu zotere zimalandira ana ochokera kutali, wina ku Nsanje, wina ku Karonga, ndipo ambiri mwa iwo si Akatolika, choncho mphakati wa kwawo sungawadziwe. Kuti mapepala ayende kuchoka dayosizi ina kupita ina pafunika mgwirizano wa maofesi a zamaphunziro a madayosizi, osati komiti ya sukulu imodzi yokha.

Chimene chinandipweteka ine n'chaching'ono koma chinali chopeweka. Boma linalengeza Lachisanu pa 20 Malichi kuti sukulu zitsekedwe Lolemba, ndipo ana anapakira mothamanga, mabuku onse n'kutsekeredwa mulaibulale poopa kuti asowa. Mwana wanga anafika kunyumba ndi makope okhaokha. Buku limodzi la sayansi likanamuthandiza kuposa bandulo yonse imene ndinagula. Muikemo m'ndondomeko yanu kuti tsiku lotseka mwana aliyense asainire mabuku n'kupita nawo, ngakhale ena asadzabwerere.

Musaiwalenso za ndalama. Aphunzitsi amene amalipidwa ndi boma ankalandirabe, koma amene amalembedwa ndi sukulu amadalira fizi, ndipo makolo ambiri tinkaona kuti n'zosamveka kulipira mwana ali pakhomo. Simungayembekezere munthu amene sanalandire malipiro kuti azigula bandulo ya m'thumba mwake yophunzitsira. Za moyo wauzimu sizinavute kwenikweni, chifukwa Misa tinkaitsatira pa Radio Maria ndi pa Luntha TV, ndipo ndimadzifunsabe chifukwa chimene sukulu zathu sizinapemphe nthawi yokwanira pa nyumba zoulutsira mawu zimenezi, kuphatikizapo Radio Alinafe kuno ku Lilongwe, kuti aphunzitsi aziyankha mafunso a ana.

Mayi wa m'komiti ya makolo

Ndathokoza nonse. Za mabuku ndikazipereka kwa asisitere Loweruka likudzali, ngakhale ndikudziwa kuti woyang'anira laibulale sakakondwa nazo. Ndikapemphanso kuti pakaundula wa ana tionjezere malo olembapo tchalitchi kapena mzikiti umene uli pafupi ndi kwawo kwa mwana aliyense, pamodzi ndi sukulu ya mishoni yoyandikana nayo kumene angakatenge ndi kusiya mapepala. Akatekisiti, ngati mungakumbuke, tiuzeni kuti ndalama zosindikizira mapepala aja zinkachokera ku parishi kapena kwa makolo.