Za mapanga a kuphiri, tiikepo ndalama za gulu kapena ayi?

Tcheya: Moni nonse abale. Achinyamata akumudzi atipempha ndalama ya transipoti ndi mayunitsi, akufuna ayende mapanga a m'mapiri akwathu ku Dedza kuno, ajambule ndi kulemba malo onse amene kuli zojambula za makolo. Tikambirane kaye tisanakhudze thumba.

Msungichuma: A Tcheya ine ndinena mosabisa, mjigo wa kusukulu sitinamalize kukonzetsa. Mapangawo akhala pomwepo chikhalire, angadikire, koma ana madzi akuwafuna lero.

Aphunzitsi opuma: Mayi za mjigozo ndi zoona koma mapangawo sakudikira ayi. Ana oweta mbuzi amasonkha moto momwemo kuwotcha chimanga, mwaye wakuta khoma, ena alemba mayina awo ndi makala pamwamba penipeni pa zojambula, ndiye pali alendo ena amawaza madzi pathanthwe kuti chithunzi chiwale, pomwe zoyera zija ndi dothi chabe zimasukuluka. Chongoni, dera la mapiri a zojambulazi, inalowa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kuwateteza padziko lonse mu 2006 ndi malo 127 a zojambula, koma anthu amangodziwa Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Timapanga tina tating'ono amatidziwa ndi osaka mbewa ndi otola nkhuni basi.

Achimwene a ku Joni: Ine ndikugwirizana nazo ndipo ndiwonjezerapo yanga. Bwanji anyamatawo akumbe ndithu, atole mapale ndi timiyala tija, tikonze kamyuziyamu pa sukulu alendo azilipira pakhomo?

Aphunzitsi opuma: Achimwene pamenepo ndiye ayi, khasu lisalowe m'phanga chonde. Pansi paja zinthu zinagona mosanjikizana, chapamwamba mapale a alimi, m'munsi timiyala toyera takuthwa ta Akafula, alenje amene ankakhala kuno kalekale, mafupa a nyama zimene ankadya, phulusa ndi makala a moto wawo. Makala amenewo ndi amene akatswiri amapima n'kudziwa zaka, koma apezeke pamalo pake. Katswiri wofukula zakale Desmond Clark atakumba ku Chentcherere mu 1972 ankachotsa dothi pang'onopang'ono, kulisefa, kulemba kuti chakuti chatuluka pakuya motani. Ife tikakumba tisakaniza zonse, titsala ndi thumba la miyala losatiuza kanthu ndipo sizibwezeretseka. Komanso lamulo la Monuments and Relics sililola kukumba kapena kuchotsa zinthu popanda chilolezo cha boma.

Mayi aakulu: Ana inu mukukamba za miyala koma mwaiwala chimodzi. Zojambula zofiira zija ndi za Akafula, chabwino. Koma zoyera zina ndi za chinamwali, zina ndi za kudambwe, eni ake alipo ndipo ali moyo. Anyamata asangolowa ndi mafoni mawa tizione pa Facebook anthu akumasulira zimene sakuzidziwa. Ayambe kwa amfumu ndi anamkungwi, pamene awaletsa asajambule.

Woimira achinyamata: Zikomo amayi tamva ndipo m'gulu mwathu muli atsikana, mapanga a chinamwali apite okhawo ndi azimayi akuluakulu. Sitikumba, sititola ngakhale phale limodzi. Tingotenga GPS ya pafoni, chithunzi tili ndi rula pambali, dzina la phanga mmene akuluakulu amalitchulira, ndi mmene laonongekera. Zonse tikapereke ku dipatimenti ya boma yoona zinthu zakale ya Museums and Monuments, malo enieniwo sitiwaika pa intaneti kuopa obwera kudzagoba miyala.

Achimwene a ku Joni: Chabwino za kukumba ndazisiya. Koma kamyuziyamu kaja kakhoza kukhala ka zithunzi zimene amfumu avomereza, ana asukulu adziwe kuti m'mapiri mwathumu munkakhala anthu Achewa asanafike.

Msungichuma: Ine ndikadali pa mjigo. Tilipire mmisiri kaye, yotsalayo ndi imene tione ngati ikwana transipoti. Ndipo malisiti ndidzawafuna.

Tcheya: Tatero. A sekilitale lembani kalata ziwiri, ya kwa agulupu ndi ya ku dipatimenti, tione mayankho. Achinyamata tumizani bajeti yanu pano pofika Lachisanu, voti Lamulungu madzulo.