Mwana wa zaka 7 wayamba kumera bere, kodi ndi mkaka wa m'mashopu wa kuno?

Admin chonde ndibisireni dzina.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Johannesburg. Wamkulu ndi wamkazi, ali ndi zaka 7. Mwezi watha pomusambitsa ndinaona kuti pansi pa nsonga ya bere lakumanzere pali kachotupa kolimba ngati kanjere ka nzama, ndipo akuti akagona chafufumimba kamapweteka. Nditawauza apongozi ku Mulanje anangoti, "Ndi zakudya zanu za kumeneko izo, ife tinkamera mabere titakula." Kenaka mnzanga wa kutchalitchi ananditumizira vidiyo pa WhatsApp yonena kuti ng'ombe za kuno amazibaya mahomoni kuti zizitulutsa mkaka wambiri, ndiye mahomoniwo akukulitsa ana msanga.

Mwanayu mkaka amaukonda zedi, m'phala, mu tiyi, penanso kungomwa wokha. Ku Woolworths ndinaona mabotolo olembedwa kuti rBST free, akuti kutanthauza kuti ng'ombe zake sanazibaye homoniyo, ndiye ndikudzifunsa kuti osalembedwawo muli chiyani? Bambo ake akuti tisiyiretu wa ng'ombe tizigula wa almond nyumba yonse, koma mtengo wake abale inu, komanso wamng'ono ali ndi miyezi 10 yokha. Mahomoniwa alipodi? Ndimusiyitse? Nanga ndizimupatsa chiyani? Zonyoza ayi chonde, ndili kale ndi nkhawa.

Mayi wina wa ku Durban:
Musiyitseni lero lomwe asisi. Azungu zimenezi anaziletsa kwawo, amangotitayira ife kuno.

Bambo wina wa ku Pietermaritzburg:
Mayi, jakisoniyo alipodi ndipo kuno ku South Africa ndi wololedwa. Ndinagwirapo ntchito yokama pa famu ina ku KwaZulu-Natal, tinkabaya ndi manja athuwa, pafupi ndi tsinde la mchira, milungu iwiri iliyonse. Mkaka umachulukadi, amati ndi 10 mpaka 15 peresenti. Koma amene ankavutika ndi ng'ombe. Imadya kwambiri, ikapanda kukhuta imaonda nthiti kuoneka. Zina zinkatsimphina, zina bere kutupa, kutentha, ukakama m'kapu yoyesera mkaka kutuluka wa mibulumibulu. Yotereyo tinkaipaka utoto, kuipatsa maantibayotiki, mkaka wake kutaya mpaka masiku olembedwa pa botolo atatha, chifukwa mkaka wa pa famu umayezedwa usanalandiridwe ku fakitale. Si mafamu onse amene amabaya, ndipo makampani ena ogula mkaka amawakaniratu alimi obaya. Za ana sindilankhulapo, ine ndinali wa m'khola.

Namwino wa ku Cape Town:
Mayi wa ku Durban, sizili choncho ndithu. Mankhwalawa anachokera ku America komweko. Kampani ya Monsanto ndiyo inkawagulitsa pa dzina loti Posilac, bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linawavomereza mu 1993 ndipo alimi a kumeneko anayamba kubaya mu 1994. Amene anakana ndi Canada mu 1999, komanso mayiko a European Union omwe anawaletseratu kuyambira mu 2000, ndipo chifukwa chimene anapereka ndi chomwe anenachi bambo a m'khola: ng'ombe kutupa mabere ndi kutsimphina.

Homoni ya rBST ndi puloteni. Ikafika m'mimba imagayika monga puloteni ina iliyonse, komanso ya ng'ombe sigwira ntchito m'thupi la munthu. Cha m'ma 1950 madokotala anayesa kubaya anthu homoni yokulitsa ya ng'ombe pofuna kuthandiza amene sankakula, sinachite kanthu. Pamene akatswiri amatsutsanabe ndi pa china chothandiza thupi kukula chotchedwa IGF-1, chimene chimakwerako pang'ono mu mkaka wa ng'ombe zobayidwa. Akatswiri a mabungwe a United Nations oona za umoyo (WHO) ndi za chakudya (FAO) anaunikanso nkhaniyi mu 2013 n'kunena kuti mkakawo ulibe vuto kwa anthu, chifukwa thupi lathu limapanga lokha IGF-1 wochuluka kuposa amene tingamwe mu kapu. Ngati mtima sukukhazikikabe, gulani olembedwa rBST free aja, palibe cholakwika.

Koma kwa inu mayi ofunsa, chimene chandigwira mtima ine ndi zaka 7 zija. Mtsikana akayamba kumera bere asanakwane zaka 8 amayenera kuonedwa ndi dokotala, kaya amamwa mkaka kaya samwa. Nthawi zambiri limakhala bere lokha, silipitirira. Koma ngati thupi lonse layambadi kutha msinkhu, mwana amatalika mwachangu kenaka mafupa amasiya kukula msanga, n'kudzakhala wamfupi, komanso angayambe kusamba akadali kamwana. Zimenezi mankhwala ake alipo, bola kufika nthawi yabwino. Mukangosintha mkaka n'kukhala pakhomo kudikira, nthawiyo ikupita.

Ndipo muwauze apongozi kuti si kuno kokha. Ku Denmark, kumene jakisoniyu sabaya, ofufuza anapeza kuti atsikana a cha mu 2006 ankayamba kumera mabere pafupifupi chaka chathunthu msanga kuposa a cha mu 1991. Chimene chimaoneka kwambiri m'kafukufuku wambiri ndi kunenepa. Mwana wanu thupi lake lili bwanji? Onaninso mafuta a tsitsi ndi a pakhungu amene amadzola. Ena olembedwa kuti placenta amakhala ndi mahomoni enieni, ndipo amenewo amalowa pakhungu.

Wofunsa:
Zikomo anamwino. Ndi wojintcha ndithu, zovala amavala za ana a zaka 10. Bambo ake akamachoka ku ntchito sabwera chimanjamanja, ndi chipisi ndi zakumwa zotsekemera basi. Mafuta a tsitsi timadzola limodzi, ndikawerenga botolo usiku uno. Nanga za almond zija?

Mayi wina wa ku Leeds:
Almond ayi asisi, ine ndinagula mpaka kutopa kuno ku UK. Tembenuzani katoni muwerenge kumbuyo. Kapu ya mkaka wa ng'ombe ili ndi magalamu pafupifupi 8 a mapuloteni, ya almond galamu imodzi yokha, zotsalazo madzi, ndipo ina amathiramo shuga. Mwana wonenepa kale mumuonjezere shuga? Umene umayandikira wa ng'ombe ndi wa soya, magalamu 7 kapena 8, koma muzisankha wosatsekemera komanso woonjezera kashiamu, ndipo muzikhutchumula musanathire chifukwa kashiamuyo amakhazikika pansi. Wa mpunga kuno amaletsa kwa ana osakwana zaka 5 chifukwa cha poizoni wotchedwa arsenic amene amapezeka mu mpunga. Wa miyezi 10 uja musamuyandikize zonsezi. Asanakwane chaka ndi bere lanu kapena mkaka wa m'chitini wa makanda, ngakhale wa ng'ombe weniweniwo sakuyenera kukhala chakumwa chake panopa.

Mnyamata wina wa ku Pretoria:
Soya?? Ameneyo ndiye ali ndi mahomoni achikazi, amafooketsa amuna kuchipinda. Ine sindiyandikira olo soya pieces.

Mayi wa ku Leeds:
Achimwene, mtundu wonse unakulira Likuni Phala, chimanga ndi soya, nanga ana onse adzadza m'midzimu akubadwa bwanji? Soya ali ndi tinthu tofananako ndi homoni yachikazi koma mphamvu yake ndi yochepa kwambiri. Vuto lanulo lifufuzeni kwina.

Bambo wina wa ku Bvumbwe:
Ife kuno ng'ombe zanga ziwiri zimadya nsenjere ndi madeya, ndalama ya jakisoni wotere ndingaitenge kuti. Koma anthu a ku Joni musamaganize kuti mkaka wa kumudzi ndiye wopanda vuto. Ku bulking group, kumene alimi timakagulitsa mkaka, amayeza, wothira madzi kapena woyamba kusasa amaubweza, ndipo wina wobwezedwawo umathera pa njinga m'makwalala. Mukabwera ku holide ndi ana, muziwiritsa mpaka ufufume. Ng'ombe nazo zimadwala TB, ndiye pali matenda aja ochotsa mimba ya ng'ombe amene amapatsa munthu malungo osamva mankhwala a malungo. Chambikonso muzipanga ndi mkaka wowiritsa.

Mayi wa ku Durban:
Kaya, ine zobaya ng'ombe sindizikhulupirira basi. Chinthu chodwalitsa ng'ombe ndimwetse mwana wanga? Ndizigulabe olembedwa aja ngakhale adule.

Wofunsa:
Anamwino, ndilibe medical aid. Ndiyambire kuti, ndipo akamuchita zotani? Mwanayu amaopa jakisoni koopsa.

Namwino wa ku Cape Town:
Yambirani ku kiliniki ya boma ya m'dera lanu, akaona kuti n'kofunika adzakulemberani kalata yopita kwa dokotala wa ana. Mutenge kabuku kake ka Road to Health kapena ka kusikelo ngati anabadwira kumudzi, kuti ayerekeze msinkhu ndi kulemera kwake ndi mmene ankakulira kale. Mutengenso botolo la mafuta lija. Adzakufunsani ngati wayamba kumera tsitsi m'khwapa kapena kumalo obisika, ngati thukuta lake lasintha fungo, ngati nsapato zikumuthina msanga, komanso ngati amadandaula mutu. Kawirikawiri amajambula X-ray ya dzanja lamanzere kuti aone msinkhu wa mafupa, imeneyo sipweteka. Magazi angathe kutenga, ndiye mumuuziretu kunyumba. Bere lakelo musalifinye kapena kulithowa.