Chiseyeye chikubwererabe ngakhale ndachita scaling

Therapist wa mano, Dedza: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi bambo wachikulire, nkhama zofiira zotupa, mapoketi (mipata ya pakati pa dzino ndi nkhama) akuya 6 mm kumano am'mbuyo, dzino lina likugwedera. Scaling (kupala zokanirira pamano) ndinachita mosamala, ndinawapatsanso amoxicillin ndi metronidazole. Abweranso, ndikangodina nkhama mafinya akutuluka. Ndisinthe mankhwala?

Dokotala wa mano, Blantyre: Musathamangire mankhwala ena kaye. Shuga wawo ali bwanji?

Therapist, Dedza: Akuti alibe, koma sanayezetsepo. Amadzuka usiku kangapo kukataya madzi.

Dokotala wa mano, Blantyre: Yambirani pamenepo achimwene. Mabakiteriya a m'poketi amamatirirana n'kudzikuta ndi zomatamata, n'chifukwa chake mapilisi okha sawafika bwino. Koma amene amasankha kuti achuluke ndi ati ndi thupi lomwelo. Nkhama zikatupa, timadzi totuluka m'mphepete mwa dzino timachuluka, ndipo timabwera ndi mapuloteni ndi haem, chija chofiiritsa magazi chokhala ndi ayironi. Bakiteriya wa chiseyeye wotchedwa Porphyromonas gingivalis sadalira shuga wa m'zakudya ngati aja oboola mano; amakhalira mapuloteni ndi ayironi ya mu haem, malo ake n'kukhala kopanda okosijeni, ngati pansi pa poketi yakuya. Kutupa kumamudyetsa, iye n'kumawonjezera kutupa. Katswiri wa mabakiteriya a m'kamwa Philip Marsh anazifotokoza mu 1994, kuti malo akasintha, gulu la mabakiteriya nalo limasintha. Shuga wokwera amakulitsa kutupako n'kufooketsa ma neutrophil, maselo a m'magazi olimbana ndi mabakiteriya. Mukapala osakonza malowo, muli ngati wolimira udzu m'dimba lonyowa.

Mayi therapist, Mzimba: Funsaninso za fodya, ngakhale wopichira yekha. Wosuta nkhama zake sizichedwa kutinamiza, sizitulutsa magazi kwambiri pamene fupa likutha pansi. Mu kagawidwe ka matenda a nkhama ka 2017, ndudu 10 kapena kuposa patsiku, kapena HbA1c (muyezo wa shuga wa m'magazi wa miyezi itatu yapitayo) ya 7.0% kupita m'mwamba kwa wa shuga, zimamuika wodwala pa Grade C, gulu la omwe matenda awo amakula msanga.

Therapist, Dedza: Fodya sasuta. Ndawatumiza akayezetse, shuga wapezeka wokwera kwambiri. Apita kukiliniki ya shuga. Ndidikire atsike kaye?

Dokotala wa mano, Blantyre: Ayi, ziyendere limodzi. Bwerezani kuyeretsa pansi pa nkhama ndi curette (kachitsulo kopalira), mbali imodzi kenako inayo, atadya bwino m'mawa. Aonetseni pagalasi kutsuka m'mphepete mwa nkhama ndi pakati pa mano. Kuchiza nkhama kumathandizanso kutsitsa HbA1c pang'ono, choncho alembereni anzathu a shuga m'buku la chipatala la bambowo. Mapoketi muwayezenso pakatha miyezi itatu.

Mayi therapist, Mzimba: Akawayambitsa mankhwala a BP, onetsetsani ngati ndi amlodipine kapena nifedipine, chifukwa amakulitsa nkhama.